Kapu Yofiira pa Loka

Ntchito imene anandilembera pachipatala chija inali ya ukalaliki: kutaipa makalata, kuyankha foni ndi kusunga makiyi a kabati. Za atolankhani munalibe m'kalata yanga ya ntchito. Zinangondigwera chifukwa foni ya chipatala inkakhala patebulo langa, ndipo ine, mwana wa mphunzitsi wa ku Mvera, chizungu ndinkachithyola bwinoko kuposa anzanga. Mtolankhani akaimba, aliyense ankaloza ine. Zaka zinapita mpaka anthu anaiwala kuti poyamba sinali ntchito yanga.

Chipatalacho chili pamtunda, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, ndipo chimasamalira odwala khansa. Si chachikulu. Ofunika makina akuluakulu timawatumiza ku Lilongwe, koma ambiri amayezetsa, kulandira mankhwala ndi kugona pomwepo. Dzina lake sinditchula, monganso sinditchula dzina la munthu aliyense m'nkhani ino. Eni nkhaniyi ndinawapempha chilolezo ndisanalembe, ndipo ndinawapempha kawiri, monga ndimachitira ndi aliyense.

Malamulo athu pa atolankhani anali ochepa. Wofuna nkhani ayambe walemba kalata kapena kuimba foni, anene chimene akufuna. Ovomera kapena kukana anali a metroni, mkulu wa anamwino. Kamera muwodi silowa. Wodwala akalola kuyankhula amasaina pepala, ndipo timamutengera m'kachipinda kapadera kuseri kwa ofesi yanga. Koma lamulo lalikulu, limene a metroni ankalibwereza mpaka tinkalilota, linali ili: munthu akafunsa ngati uje anagonekedwa kuno, sitivomera ndipo sitikana. Kaya wofunsayo ndi mtolankhani, kaya ndi m'busa, kaya wavala tayi, yankho ndi limodzi: "Pepani, kuno sitinena za amene anagonapo kapena sanagonepo." Lamulo limeneli linandidanitsa ndi abale anga angapo. Kwathu kuzonda matenda ndi udindo, ndiye kukana kuuza munthu kumene wodwala ali kumaoneka ngati nkhanza kapena matama a muofesi.

Poyamba ndinkaganiza kuti pepala losaina lija ndi lokwanira. Amene anandiphunzitsa kuti silikwanira ndi mayi wina wa ku Chezi. Kunabwera a wailesi yakanema, ine ndinapita pabedi pake pepala lili m'manja, ndinamufunsa ngati angalole kujambulidwa, iye anati, "Palibe vuto, mayi." Anadinda chala. Atolankhaniwo analonjeza kubisa nkhope ndipo anabisadi, moti pa TV panangooneka chimbuuzi pamene panali mutu. Koma chitenje sanabise. Chinali chitenje cha kwaya ya kumudzi kwawo, chimene ankavala amayi a kwayayo okha, ndipo mwa amayiwo amene sanali pamudzi mwezi umenewo anali iye yekha. Pofika Lamlungu msika wonse wa Chezi unali utadziwa kuti akudwala khansa ya khomo la chiberekero. Apakamwa anali atathirapo kale mchere, amvekere matenda amenewo amagwira akazi oyendayenda. Tsiku lake lodzalandira mankhwala linafika, iye sanabwere. Sanabwerenso. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anagwira chala chake kuchiika pa inki ndinali ine.

Nkhaniyi inandidya mumtima kwa miyezi. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti chifukwa chimene mayi uja anavomerera ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana. Amayi anga, akulu a mpingo akawauza kuti akapalire kumunda kwa abusa tsiku limene anali ndi zochita zawo, ankagwada n'kunena kuti, "Chabwino, abambo." Tsikulo likafika mutu unkawawawa. Aliyense ankadziwa kuti akana, ndipo palibe amene ankachita manyazi. Kwathu munthu sakana ndi pakamwa, amakana ndi miyendo. Nanga munthu amene wagona pabedi, diripi ili kumkono, wachipatala waima kumutu kwake ndi pepala, akana ndi miyendo iti?

Ndiye ndinagula kapu yapulasitiki yofiira kumsika. Nditawafotokozera a metroni ntchito yake anaseka mpaka kugwira tebulo, koma analola. Kuyambira pamenepo, wodwala ndinkamufunsa lero, yankho n'kudzalitenga mawa. Ndinkamusiyira kapuyo n'kumuuza kuti akafuna kuyankhula ndi atolankhani aiike pamwamba pa loka, kakabati kaja ka pambali pa bedi. Akapanda kufuna aibise kapena angoisiya kumene ili, ndipo ine ndikadutsa m'mawa sindidzafunsa chifukwa. Ambiri ankaibisa. Ena ankaiika, ndipo amenewo akakhala pamaso pa kamera ankayankhula ngati alaliki.

Mayi wina wa ku Dzoole anabwera chisanu chitatha, anthu atagulitsa fodya, nyengo imene Loweruka lililonse kumudzi kumakhala chinkhoswe kapena ukwati. Sabata imeneyo tinkayembekezera mtolankhani wa pa TV wochokera ku Lilongwe, mtsikana wanzeru amene anatsata ndondomeko yonse. Ankafuna kupanga pulogalamu yolimbikitsa amayi kuyezetsa msanga, ndipo a metroni anaikondwerera kwambiri, popeza ankatopa ndi kulandira amayi matenda atafika kale patali. Vuto linali lakuti wodwala wolola kuyankhula sanapezeke. Kapu inali itazungulira mabedi atatu, konseko n'kubisidwa.

Mtsikanayo anabwera tsiku loyamba yekha kudzaona malo, kuti mawa lake abwere ndi wojambula. Polowa muofesi mwanga sanali yekha. Kumbuyo kwake kunali bambo wamtali, wa jekete lotuwa, chipewa atachigwira m'manja. Anakumana pageti, pamene amakhala odzazonda matenda podikira kuti nthawi ikwane.

"Mayi, ine ndine mwinimbumba," anatero bamboyo atakhala pansi. "Mlongo wanga ali muwodi ya amayimo. Ndamva kuti a TV akusowa munthu. Ine ndavomera. Pepalalo lili kuti?"

Ndisaname, dzanja langa linatsegula dirowa lokha. Inenso ndine Mchewa. Nditadwala kwambiri chaka china, amuna anga asanachite chilichonse anayamba atumiza uthenga kwa achimwene anga. Mwinimbumba akanena pa nkhani ya matenda, wanena, ndipo mawu amenewo anandilowa m'khutu ngati chinthu choyenera. Pepala ndinaliika patebulo, bamboyo anali atasolola kale cholembera m'thumba la jekete. Pobweza dirowa ndi pamene ndinaona kapu yofiira ili mkatimo. Manyazi anandigwira. Ndinakoka pepalalo cholembera chisanalikhudze.

"Pepani bambo, ndalakwitsa ndine. Pepala ili amasaina wodwala mwini wake, ndipo sasaina tsiku limene wafunsidwa."

Mtsikana uja ndinamupempha kuti adikire panja, ndipo potuluka ndinamuuza kuti chilichonse chimene wamva pageti, kaya dzina kaya mudzi, achisiye pageti pomwepo. Bamboyo anandiyang'ana ngati ndamulanda khasu m'munda mwake. Sanali munthu woipa. Ndinamva pambuyo pake kuti mlongo wakeyo, mayi wa ku Dzoole uja, anali wamasiye, ndipo amene anamubweretsa kuchipatala panjinga yamoto, atamumangirira kumsana ndi chitenje kuti asagwe, anali iyeyo. Anali wapampando wa mphakati wa tchalitchi kwawo, munthu wozolowera kuti akayankhula anthu amvere. Iye ankaona kuti mlongo wake akaoneka pa TV, nkhope itabisidwa, akufuna kwabwino adzamva ndipo amayi ena adzapulumuka.

"Matenda sabisa, mayi," anatero. "Tiyeni mukamufunse ine ndili pompo, mumve nokha."

Tinapita. Mayiyo anali atakhala pabedi, korona ili m'khosi, manja ake okhakhala a munthu amene wakumba mtedza moyo wake wonse ali pamiyendo. Mlongo wake anafotokoza zonse ataimirira. Ine ndinafunsa mwamwambo chabe, popeza yankho ndinkalidziwa.

"Monga anenera achimwenemu," anatero mayiyo, maso ali pansi.

"Mwamva?" anatero bamboyo.

Ndinati ndamva, ndipo tidzaonana mawa.

Nthawi yozonda matenda itatha, alendo atatuluka, ndinabwerera ndekha kapu ili m'thumba la siketi. Ndinakoka katani, ndinakhala m'mphepete mwa bedi kuti ndisamuimire kumutu, ndipo ndinafotokoza motsitsa mawu za kapuyo. Anaitembenuza m'manja nthawi yaitali.

"TV imeneyo imafika ku Dzoole?" anafunsa.

"Imafika, mayi. Kumene kulibe TV, anthu amaonera pafoni."

"Achimwene akuti nkhope abisa."

"Abisa. Koma mawu anu, manja anu, kakhalidwe kanu, anthu a kwanu amazidziwa. Sindingakulonjezeni kuti sadzakuzindikirani."

Kenako anayamba kuyankhula akuyang'ana kapu, osati ine. Anali ndi mwana wamkazi, chitsiriza, amene chinkhoswe chake chinali mwezi wotsatira, ukwati n'kudzabwera pambuyo pake. Mwanayo ankadziwa kuti amayi ake akudwala m'mimba basi. Mlongo wake uja anali atalonjeza kusunga pakamwa kumudzi, ndipo ankasungadi.

"Sindikuti ndibisa mpaka kale," anatero mayiyo. "Ndikufuna amve kwa ine, pakamwa panga, akalowa m'nyumba yake. Akamva tsopano asiya zonse, adzagona pansi pa bedi pano. Ndiye kuli apongozi akewo. Inu mukudziwa zimene anthu amanena za matenda awa. Adzati mayi wake anali wotani, mwana wakenso ndi wotani. Mwana wanga sanalakwe kanthu."

"Ndiye mungokana, mayi."

Anandiyang'ana koyamba, ngati ndanena zachibwana. "Ndikane achimwene? Amene anandibereka kumsana kundifikitsa kuno? Ndiyambira pati?"

"Simuyambira paliponse," ndinatero. "Kapu iyi ndiyo ikana. Ndipo ikakana, achimwene anu sadzamva kuti mwakana ndinu."

Anaiika pansi pa pilo ine ndikuona. Ndinatuluka mtima uli m'malo, ndikudziwa kale zimene ndidzapeze.

M'mawa mwake galimoto ya a TV inafika ine ndisanatsegule n'komwe ofesi. Wojambula anayamba kutsitsa zitsulo zake, bambo uja anali atavala malaya oyera ochita kusita, ndipo a metroni anandiima pakhomo n'kufunsa ndi maso okha. Ndinati ndikukaona. Ndinalowa muwodi ndikukonza kale mawu owapepesera onsewo. Nditafika pabedi paja ndinaima. Kapu yofiira inali pamwamba pa loka, poyera, yooneka ngakhale uli pakhomo.

Mutu unandiima. Mwa lamulo langa lomwe, ili linali yankho: wavomera. Ndinali nditalonjeza kuti sindidzafunsa chifukwa. Pepala linali m'manja, inki inali m'thumba, panja anthu anayi ankadikira, ndipo aliyense wa iwo akanandiyamika. Maganizo enanso anandinong'oneza kuti mwina mayiyu wasintha mtima, mwina wapemphera n'kuona kuti athandize amayi anzake, nanga ine ndine ndani kuti ndimuletse? Ndikanati ndidinditse chala chija, palibe bwalo limene likanandipeza wolakwa.

Koma mayiyo anali atagona chotembenukira kukhoma, chitenje atafunda mpaka kumutu, kunja kukutentha kale. Amene ankaika kapu mwa kufuna kwawo ndinkawapeza atakhala, atasamba, atamanga duku bwino. Ndinayandikira n'kusuzumira m'kapumo. Munali titsamba ta tiyi ndi shuga wosasungunuka pansi. Dzulo lake mayiyo anali atandiuza pocheza kuti chiyambireni mankhwala, fungo la tiyi limamuchititsa nseru.

Ndinaswa lonjezo langa. Ndinakoka katani n'kukhala pansi.

"Mayi, mwadzuka bwanji? Kapu iyi yafika bwanji apa?"

Anavundukula pang'ono. Maso anali ofiira. "Achimwene anabwera ndi tiyi m'mawa. Anasowa chomwera, anaiona ikutulukira pansi pa pilo. Atamwa anaisiya pamenepo."

"Za kapuyi akuzidziwa?"

"Sakudziwa kanthu. Koma poti yakhala kale pamenepo, ndinati basi, mwina ndi mmene Mulungu wafunira. Ndinaopa kuichotsa, mungati ndikusewera nanu."

Mtima unandipsa, osati chifukwa cha iye kapena mlongo wake, koma chifukwa cha ine ndi nzeru zanga zimene ndinkazinyadira. Kapu ya tiyi ikanamaliza banja la mwana wa munthu. Ndinaitenga, ndinakaitsuka pampopi wa muwodi, ndinaipukuta, ndipo ndinabwera n'kuiika pabedi, pakati pa iye ndi ine.

"Tiyambirenso, mayi. Ine ndiyang'ana kuzenera. Loka ili apa, pilo ali apo."

Ndinayang'anadi kuzenera. Panja, kutsidya kwa mpanda, mayi wina ankayanika zovala za wodwala wake pa udzu. Ndinamva bedi likulira pang'ono, kenako zipi. Nditatembenuka kapu panalibe pabedi, panalibe pa loka, ndipo pansi pa pilo sinapitenso. Anali ataiika m'chikwama chake n'kutseka, chikwamacho atachikumbatira pamimba. Ndinamugwira phewa n'kutuluka.

Panja ndinayamba ndi bambo uja, ndipo ndinamutengera pambali. Pa zinthu ngati izi tinali ndi chizolowezi china: wodwala akakana, kwa abale ake wakana si iye, chakana ndi chipatala. Wodwala amabwerera kumudzi kukakhala ndi abale akewo, pomwe ife akatida palibe chimene timataya.

"Bambo, pepani. Chipatala sichilola kuti mlongo wanu ajambulidwe."

"Chipatala chake ndani? Dzulo anavomera inu muli pompo!"

"Ndinamva. Koma ndaona kuti sizitheka, ndipo amene ndaletsa ndine."

Nkhope yake inasintha. Anandiuza kuti ndine kalaliki chabe, si dokotala. Anati akazi a m'maofesi timayesa sukulu ndi nzeru, ndipo anafunsa ngati kwathu kulibe mwinimbumba kapena ndinachita kugwa mumtengo. Limeneli linandilasa. Ndili ndi pakamwa ine, amene anakwatira ine angakuuzeni, ndipo yankho linali litafika kale pa lilime: mukanakhala mwinimbumba weniweni mukanamufunsa mlongo wanu muli awiri. Koma ndikanangoti nditero, akanadziwa kumene kukana kwachokera. Ndinameza. Kunali kowawa ngati kumeza mankhwala a malungo opanda madzi.

"Kwathu aliko, bambo, ndipo ndimawalemekeza monga ndikukulemekezerani inu. Mwachita zazikulu pa mlongo wanu. Koma ili lokha ndakana."

Anapita kwa a metroni kukandinenera. A metroni anamumvetsera mpaka anamaliza, kenako anati, "Akakana akalaliki athuwo, ndakana ndine." Sanandifunse chifukwa, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ngakhale ndinkadziwa mmene ankaifunira pulogalamuyo.

Mtolankhani uja anakhumudwa, ndipo sindikumunena. Anali atawotcha mafuta kuchokera ku Lilongwe, mkulu wake wa kuntchito akudikira.

"Amayi, tibisa nkhope, tisinthanso mawu," anandichonderera. "Pulogalamu yopanda wodwala anthu saimvera. Mukudziwa amayi angati amene angapulumuke?"

"Ndikudziwa, mwanawe," ndinatero. "Koma ndikudziwanso mmodzi amene tinamubisa nkhope, chitenje chake n'kumuulula. Inu kutauni mumadziwana ndi nkhope. Kuno munthu timamudziwa ndi chitenje, ndi chidendene, ndi mmene amakhalira pampando. Inu mukajambula mukwera galimoto. Wodwalayo atsala."

Kenako anafunsa chimene angajambule. Tsiku limenelo anajambula a metroni akufotokoza mmene amayezera amayi ndi viniga, anajambula kachipinda koyezeramo kalibe munthu, ndi namwino wina wachikulire amene mwa kufuna kwake ananena kuti iyenso anayezetsa. Pulogalamuyo inatuluka, ndipo sinali yoipa. Mtsikanayo anabweranso kangapo m'zaka zotsatira, ndipo akaimba foni ankayamba ndi kunditonza kuti, "Amayi, kapu yanu ikuti bwanji sabata ino?" Inali kapu ina. Yoyamba ija mayi wa ku Dzoole anapita nayo potuluka m'chipatala, ndipo sindinaiitanitse. Yatsopanoyo ndinaiboola pansi ndi msomali wamoto kuti wina asadzamweremonso tiyi.

Mayiyo ankabwera kudzalandira mankhwala masiku ake onse, osaphonya. Mlongo wake ankamuperekeza, ndipo akandiona ankayang'ana kumbali. Ndinkamupatsa moni, iye ankayankha ndi mphuno. Sizinandidetse nkhawa. Chimene ndinkafuna n'chakuti mayiyo azifika, ndipo ankafika.

Kunja kwa chipatala ndinakumana naye kamodzi kokha, kumsika wa ku Mponela. Ndinkagula anyezi, ndipo nditadzutsa mutu ndinamuona pabenchi ya ogulitsa nsalu, ali ndi mtsikana wofanana naye mphumi ndi mayendedwe. Ankasankha zitenje, mtsikanayo akuziyeza pathupi la amayi ake n'kumaseka. Maso athu anakumana. Kumudutsa munthu womudziwa osamupatsa moni, mayi wamkulu ngati ameneyo, ndi chinthu chimene amayi anga akanandimenyera ngakhale ndili ndi imvi. Koma ndikanati "Muli bwanji, mayi," mtsikanayo akanafunsa kuti amenewa ndani, mumadziwana nawo kuti. Ndinayang'ana anyezi anga n'kudutsa ngati sindinaone munthu. Mumtima ndinapepesa njira yonse mpaka pa siteji ya minibasi.

Patapita nthawi anamutumiza ku Lilongwe, ndipo sindinamvenso za iye. Ntchito yathu ndi yotero. Anthu amabwera, umadziwa za m'kati mwa moyo wawo zimene ana awo sadziwa, kenako amapita, ndipo ulibe ufulu wofunsa kumene anathera.

Zaka zingapo zitadutsa, tsiku lina loyeza amayi, munthu anagogoda pakhomo la ofesi yanga. Anali mayi wachitsikana, mwana ali kumbuyo, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Mphumi ija ndinaizindikira asanakhale n'komwe pansi.

"Ndabwera kudzayezetsa, ndipo andipeza ndili bwino," anatero. "Koma ndimafunanso mayi amene amayankhula ndi atolankhani. Andilozera kuno."

Ndinati ndine, ndipo ndinafunsa chimene ndingamuthandize.

"Amayi anga anagona kuno. A ku Dzoole. Anatisiya chaka chatha." Anamasula mwana n'kumuika pamiyendo. "Chinkhoswe changa anavina. Ukwati anavinanso, pang'ono, atsibweni atawagwira mkono. Patatha masabata awiri anandiitana, tinakhala pakhonde tikuswa mtedza, ndipo anandiuza zonse okha. Dzina la matendawo, pamene ali, zimene madokotala ananena. Ndinalira, ndinawakalipira kuti anandibisiranji. Iwo anangoti, 'Ndimafuna umve kwa ine.' Anandilumbiritsa kuti ndizidzayezetsa. Ndiye ndafuna ndikuoneni, poti munkawadziwa."

Ndinafuna kudzuka, kumukumbatira, kumuuza za korona ija, za tiyi, za mmene amayi ake anakumbatirira chikwama. Koma munthu amene akanandilola kunena zimenezo anali atapita, ndipo sanandisiyire mawu. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Pepani kwambiri ndi zovutazo, mayi," ndinatero. "Koma kuno sitinena za amene anagonapo kapena sanagonepo."

Ndinayembekezera kuti akwiya, monga ankakwiyira abale anga. Iye anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kapu yapulasitiki yofiira, yosuluka, yopanda bowo pansi.

"Anandiuza kuti mudzayankha choncho," anatero. "Anati, 'Ukakapeza mayi amene akakane kundidziwa, ndi yemweyo. Ukamupatse kapu yake.'"

Anaiika patebulo langa, poyera, ndipo ine ndinailandira ndi manja awiri.